A Mukhuna ndi kompyuta yofunsa mbali

A Jelemani Mukhuna tinawaika m'manda Loweruka lapitali, ndipo ngakhale pamaliro pomwepo anthu sanaleke kunong'ona. Ndinadutsa kuseri kwa chisakasa cha amayi ophika, ndiye ndinamva wina akuuza mnzake kuti, "Apita nawo maina aja." Mnzakeyo anati, "Eya, apita nawo." Pakanakhala pamaliro a kwathu, mapoto aja akanagubuduka. Koma pamudzi pano ine ndi mkamwini, ndiye ndinangoluma mlomo n'kupita kukathandiza adzukulu kubweza makasu.

N'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe zimene ndinaona ndi maso angawa. Sindikuti anali munthu wosavuta. Ine ndi iwo tinakangana kuyambira tsiku loyamba mpaka mwezi umene anagona, ndipo pa milandu yambiri olakwa anali iwowo. Koma za mainazo ndiye ayi.

Anali malume ake a mkazi wanga Felesiya, ndiye kuti mwinimbumba wa pamudzi pomwe ndinadzakwatira, kumtunda pang'ono kwa doko la Kachulu. Agogo awo anachokera kutsidya kwa nyanja, ku Mozambiki, kalekale. Iwo anabadwira konkuno, anabatizidwira konkuno, mpunga analima konkuno, koma munthu akangopsa nawo mtima sankalephera kuwakumbutsa zakutsidyazo. Mwina n'chifukwa chake anali otero. Kapena anangobadwa otero, kaya.

Sankakhala pampando msana uli kukhomo. Kutchalitchi benchi yawo inali yomaliza, kumapeto kwenikweni, pomwe akanatha kuona aliyense wolowa. Ukawapatsa moni, ankayamba akuyang'ana kumapazi, kenako kunkhope, kenako kumbuyo kwako ngati wabwera ndi munthu, ndiye n'kuti, "Ndadzuka." Osafunsa kuti kaya iwe. Njinga yawo akaiyedzamiritsa pamtengo, ankalemba mzere pansi pafupi ndi tayala kuti pobwera aone ngati yasunthidwa. Chaka cha chilala, kutabwera chimanga chachikasu chaulere, anthu onse anathamangira kuchigayo. Iwo anayamba apatsa nkhuku imodzi, kuitsekera m'chitatanga, n'kumaiyang'ana mpaka ana pakhomo atalira njala. Nkhukuyo itanenepa, anati mwina mankhwala ake ndi a anthu okha.

Koma chimene aliyense akuwakumbukira nacho ndi mayankhidwe awo. Ukawafunsa funso la mbali ziwiri, ngakhale laling'ono ngati loti adya mlamba kapena matemba, sankayankha. Ankatulutsa kabotolo ka fodya wa m'mphuno, kugogoda pachikhatho, kukoka, kuyetsemula, kupukuta mphuno, kubweza kabotoloko m'thumba la jekete, ndiye n'kunena kuti akufuna chisoso. Ankakonda kunena kuti munthu akakuonetsa njira ziwiri, uyang'ane pomwe waima iyeyo, chifukwa yachitatu waiponda. Ankatinso wokufulumizitsa kuyankha amakhala atasankha kale, akungofuna pakamwa pako kuti mlandu udzakhale wako.

Anthu amakambabe za tsiku la voti lija la chipani chimodzi kapena zipani zambiri, dziko lonse litagawanika pawiri. Iwo anavala jekete ndi chipewa, anapita kusukulu, anaima pamzere dzuwa lonse lija. Atafika pakhomo penipeni pa kalasi, anatembenuka n'kubwerera kunyumba chala chili choyera. A mbali iyi anati ndi a mbali inayo. A mbali inayo anatinso ndi a mbali iyi. Kuyambira pamenepo mawu oti kazitape anayamba kuwatsata ngati ntchentche za padoko.

Ine anayamba kundikayikira ndisanalowe n'komwe m'mudzi muno. Ankhoswe anga atabwera kudzafunsira mbeta, iwo sanavomere, sanakanenso. Mawa lake anapalasa njinga mpaka ku Songani, komwe ndinakulira, kukafunsa mbiri yanga kwa ogulitsa tomato. Anabwerako ndi nkhani yoti sukulu ndinaithawa ndili Sitandade 6, komanso ndinagululapo dzino la kondakitala wa minibasi. Zonse ziwiri zinali zoona, koma kondakitalayo ndiye anayamba. Ukwati unachitika chifukwa Felesiya anauma mutu, komabe a Mukhuna mpaka imfa yawo ankakhulupirira kuti ine ndinakwatira dimba la mpunga, Felesiya anangobwera ngati basela.

Ankanditchula kuti Akamwini, mawu aulemu ndithu, koma ankawakoka ngati munthu akukoka ukonde wopanda kanthu. "Akamwiiini, khasu lija mwalibweza ndi mpini womwe uja?" Ndinkapsa mtima. Tinakangana za malire a dimba, za wailesi yanga, za chimbudzi chomwe anati ndakumba chopendekera dala kumphepo ya kunyumba kwawo. Tsiku lina ndinawauza kuti ngati akufuna mkamwini wosayankha akagule bulu. Anakoka fodya n'kunena kuti bulu mtima wake umaonekera m'makutu, vuto ndi anthu a ku Songani.

Tsopano za kompyuta ija. Nyanja ya Chilwa itauma chaka chija, mpaka anthu n'kumayenda wapansi kupita kuchilumba cha Chisi, kenako n'kubwereranso ndi mvula, kunabwera pulojekiti yofuna kudziwa mmene madzi akukwerera ndi nsomba zimene zikutsika padoko. Anamanga kaofesi ka malata pamwamba pa doko, anaika sola padenga ndi mabatire pansi pa tebulo. Ankafuna munthu wodziwa kutaipa, ndipo m'dera lino analipo a Mukhuna, chifukwa ali mnyamata anakhalapo kalaliki kuesiteti ya tiyi ku Mulanje. Asanavomere anafunsa kuti munthu wa kunja akufuniranji kudziwa kuya kwa madzi athu. Yankho silinawagwire mtima, koma ntchitoyo anaitenga. Anati chinthu chokayikitsa ndi bwino kukhala nacho pafupi. Ntchito yawo inali yopita m'mawa kukaona pomwe madzi afika pamtengo wa manambala wozikidwa m'nyanja, kuona madengu a nsomba, n'kudzalowetsa zimenezo mu kompyuta. Basi.

Kompyutayo inali yakale. Anaisiya mzungu wina amene ankawerenga mbalame za m'njedza, udzu wautali uja wa m'mphepete mwa nyanja. Mzunguyo anaigawa pawiri m'kati, ngati nyumba ya zipinda ziwiri. Chipinda china chinali chake, chokiya ndi mawu achinsinsi omwe anapita nawo kwawo. Chinacho, cha Windozi wamba, ndimo munali ntchito ya pulojekiti. Ndiye ukaiyatsa, isanachite chilichonse, inkaonetsa sikirini yakuda yokhala ndi mizere iwiri ya Chingerezi, kufunsa kuti ukulowa kuti. Pansi pake pankakhala nambala yotsika yokha, ngati munthu akukuwerengera. Unkayenera kudina batani la muvi woloza pansi kuti usankhe mzere wachiwiri, kenako kudina lalikulu lija lovomereza. Ukachedwa, nambala n'kutha, makinawo ankadzilowera okha kuchipinda cha mzungu n'kuyamba kukufunsa mawu achinsinsi.

Taganizani inuyo. Makina ofunsa mbali ziwiri, owerengera munthu, kukawaika pamaso pa a Mukhuna.

Miyezi yoyambirira vuto silinaoneke, chifukwa ofisala wa pulojekitiyo, mayi Kalonga, ankabwera m'mawa pa njinga yamoto kuchokera ku Zomba n'kuyatsa okha. A Mukhuna ankalowa zonse zili kale pamalo, n'kumamenya mabatani mwamphamvu ngati akadali pa taipi yachitsulo ya kuesiteti. Koma mvula itayamba, msewu utasanduka phala, mayi Kalonga anayamba kubwera mwa apo ndi apo. Anawaonetsa mabatani awiri aja kangapo konse, a Mukhuna n'kuvomera kuti amva. Kumva anamvadi. Chimene sananene n'chakuti manja awo sangathe. Nanga mwinimbumba angauze bwanji mayi wa msinkhu wa mwana wake kuti akuopa manambala?

Zenera la ofesiyo linalibe katani, ndipo linayang'ana kunjira yomwe aliyense amadutsa potsikira kudoko. Anthu anayamba kuona zachilendo. Mkulu uja ankabwera, kuika kanthu pamabatani, kuyatsa, n'kutuluka msanga kukaima panja msana uli kukhomo, munthu amene moyo wake wonse sanapatsepo khomo msana. M'katimo makina ankalira, tii tii tii, ngati wailesi ya apolisi. Kenako ankalowa, nthawi zina n'kuyamba ntchito, nthawi zina n'kuthimitsa n'kuyambiranso. Ana a sukulu anasuzumira n'kukafalitsa kuti m'makinamo muli chipinda chokiya.

Inali nyengo yotseka nyanja, miyezi ya mvula imene boma limaletsa makoka kuti nsomba ziswane. Lamulo ndi lamulo, koma njala nayo ndi njala, ndiye ambirife tinkakoka mozemba n'kumabisa makoka m'njedza. M'mawa wina kunatulukira boti ya injini ya oona za nsomba, ndipo sinasochere. Inalunjika pomwe panali khoka la ine ndi mnzanga Maliko, kenako pa makoka ena, ngati munthu wawajambulira njira. Onse anawatenga. Dzuwa lisanalowe, padoko ponse panali dzina limodzi.

Ine poyamba ndinakana. Ndinati mkuluyu ndi wovuta, koma sangagulitse mwamuna wa mwana wa mlongo wake. Maliko anandigwira mkono m'mawa mwake n'kupita nane pazenera paja.

"Suzumira wekha, mkamwini wa kazitape."

Ndinasuzumira. Pa batani lina panali mwala wa khoka, mwa miyala ija timamangirira kunsi kwa ukonde kuti umire. Panyanja pano aliyense ali ndi kamangidwe kake, ndipo mwala wa mnzako umaudziwa ngati mmene umadziwira chipewa chake. Ena amamanga ndi chingwe cha thumba, ena ndi waya. Ine ndimamanga ndi legeni yofiira ya chubu cha njinga, mfundo pamwamba. Mwala unali pamakinapo unali wa legeni yofiira, mfundo pamwamba.

"Waona?" anatero Maliko. "Amaika mwala wa munthu, makina n'kununkhiza, n'kulira, ku Zomba n'kumva. Mawa aika wa wina."

Magazi anandikwera kumutu. Asodzi anagwirizana kuti a Mukhuna atsegule chipinda chokiyacho pamaso pa anthu. Akalephera, nyumba yawo iyaka, ndipo iwo akwera bwato kubwerera kwa agogo awo. Ena anali atagula kale parafini. Ine ndinati wokawafunsa ndine, chifukwa mwala ndi wanga.

Tsiku lotsatira tinawapeza ali pampando wawo, msana kukhoma, asanayatse. Anthu anadzaza pakhomo ndi pazenera, fungo la matemba n'kudzaza kaofesiko. Ndinatola mwala uja patebulo.

"Amalume, uwu ndi wa ndani?"

Anayang'ana kumapazi kwanga, kunkhope, kumbuyo kwanga. Kumbuyoko ulendo uno kunalidi anthu.

"Ndinautola pabwalo, Akamwini. Pomwe mumasokera ukonde wanu osasesa."

"Nanga mwalawu ukufuna chiyani pamakina a azungu?"

Anapisa dzanja m'thumba kufuna kabotolo kaja. Ndinati, "Fodya mukoka kenako. Yatsani."

"Ndipatseni mwalawo kaye."

"Ayi. Yatsani opanda mwala, ndipo mukhale pomwepo tione."

Maliko ali pazenera anawonjezera, "Yatsani, madala. Lero mulowe chipinda chija ife tili pompano."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo chimene ndinaona m'maso mwawo si mkwiyo. Kenako anatambasula dzanja n'kudina. Makina anayamba kung'ung'udza. Sikirini yakuda inabwera, mizere iwiri ija, nambala pansi n'kuyamba kutsika. A Mukhuna anaika manja pamaondo. Ine ndinali pafupi nawo. Thukuta linatsika kuchokera m'chipewa. Milomo inkagwedera, akunena zinthu m'Chilomwe, chinenero chimene sindinawamvepo akulankhula ngakhale ndi mlongo wawo. Anyamata ena pazenera, pofuna kuseka, anayamba kuwerenga nawo manambalawo mokweza.

"Sankhani," ndinatero. "Mbali iti? Sankhani amalume, nthawi ikutha."

Anaimirira pang'onopang'ono, mpando n'kugwa. Chipewa chinagwanso. Ndiye mkulu uja, wa imvi mutu wonse, mwinimbumba, anakweza manja onse awiri m'mwamba, zikhatho zotambasula, maso atatseka, n'kuima chomwecho pamaso pa kompyuta.

Owerenga aja analeka. Nambala inatha yokha, makina analowa kuchipinda cha mzungu n'kufunsa mawu achinsinsi, koma palibe amene ankayang'ananso sikirini. Pakhomo panali msodzi wina wachikulire amene nthawi ya nkhondo ya kutsidya ankakhala pa zimbowera, tinyumba toyandama tija ta pakati pa nyanja, ndipo anaona zambiri. Iyeyo anavula chipewa chake, anati, "Tiyeni anyamata, apa palibe kazitape," n'kutembenuka. Ambiri anamutsatira, mitu ili pansi.

Maliko yekha ndiye anaseka. "Agwidwa. Taonani, adzipereka okha."

Sindikukumbuka kuti ndinatuluka bwanji. Ndikukumbuka Maliko ali chagada m'matope, ine ndili pamimba pake, mwala wa legeni yofiira uli m'dzanja langa m'mwamba, anthu akundigwira mkono. Nditatembenuka ndinaona pazenera Felesiya, amene anasiya dengu lake la mandasi padoko, akutsitsa manja a malume ake, dzanja limodzi kenako linalo, ngati munthu akutsitsa katundu pamutu pa mnzake. Mlandu wa Maliko unanditayitsa mbuzi. Mbuziyo inali ya Felesiya, ndipo a Mukhuna sanaleke kundikumbutsa.

Tanthauzo la manja aja ndinalimva kwa apongozi anga, mayi ake a Felesiya, mlongo wawo wa a Mukhuna. Mwamwambo apongozi sangakhale pansi n'kumacheza ndi mkamwini. Ndiye anadikira ndili kuseri kwa nkhokwe, anakhala pabwalo msana uli kwa ine, akupeta mpunga, n'kuyamba kuuza Felesiya nkhani ndi mawu okweza kuposa mmene mwana wokhala pambali pako amafunikira.

"Felesiya, iwe unali wamng'ono. Amalume ako anali ndi mng'ono wawo, Aroni. Nkhondo ili m'kati kutsidyaku, kunagwa maliro a abale athu, ndiye awiriwo anawoloka pabwato. Atangotsika anakumana ndi anthu a mfuti, opanda yunifomu, osadziwika kuti ndi a boma kapena a kutchire. Anawaimika pamchenga, manja m'mwamba. Anati nenani muli mbali iti, tikuwerenga. Anayamba kuwerenga. Aroni anali wofulumira pakamwa, ngati anthu ena amene ndikuwadziwa. Anayang'ana nsapato zawo n'kuganiza kuti wadziwa, anatchula mbali. Sinali imeneyo."

Lichero linaima kaye.

"Amalume ako pakamwa panauma. Kuwerenga kunatha iwo asanatulutse liwu. Anthu aja anaseka, anati uyu ndi bubu, anawasenzetsa katundu mpaka kuphiri n'kuwasiya. Pabwato anabwera okha. Ndiye ukamva munthu akukalipira amalume ako kuti asankhe, nthawi ikutha, udziwe kuti munthuyo sakudziwa chimene akuchita. Wamva, Felesiya?"

"Ndamva, amayi," anatero Felesiya, akuyang'ana kunkhokwe.

Za mwala ndinadzamvetsa mayi Kalonga atabwera. Uthenga unawapeza, anafika ndi matope mpaka m'maondo, anaitanitsa asodzi onse ofuna kumva. Anafotokoza kuti batani la muvi likadinidwa, kuwerenga kuja kumaima, funso n'kumadikira mwini wake. A Mukhuna anazitulukira okha zimenezo, ndiye ankaika mwala kuti uwadinire iwo ali panja, osaona manambala. Kulira kuja anali makina kudandaula kuti batani lakanirira. Anatembenuza kompyuta kuti tione kumbuyo kwake. Mawaya onse ankathera patebulo pomwepo ndi kumabatire. Wa ku Zomba panalibe.

Maliko, mlomo uli wotupa, anati, "Mayi, nanga dzuwa limafika padengapo ndi waya? Ngati chinthuchi chimadya dzuwa popanda waya, dzina la munthu chingalephere kutumiza?"

Ena anagwedeza mitu kuvomereza. Mayi Kalonga anausa moyo n'kunena kuti chabwino, afufuta chipinda cha mzungucho chonse nkhani ithe, popeza ngakhale iwo mawu ake achinsinsi sakuwadziwa.

Apa ndi pomwe a Mukhuna analankhula, osayamba ndi fodya. Anati asafufute kanthu. Anati mukafufuta lero, mawa anthu omwewa adzati munali maina ndipo mwawotcha umboni. Chipindacho chikhale, wofuna kudzachithyola adzachithyole. Iwo chomwe sakufuna ndi funso lija basi.

Ndiye mayi Kalonga analowa kumbali ya ntchito, anatsegula kafayilo kena kobisika komwe makinawo amawerenga podzuka, n'kutimasulira kuti tonse timve. Mzere wina unkanena chipinda choti alowe munthu akapanda kuyankha. Iwo anasintha kuti chikhale cha ntchito. Mzere wina unkanena nthawi yodikira. Iwo anafufuta nambala inalipo n'kulemba ziro. Anasunga, anathimitsa, n'kuuza a Mukhuna kuti ayatse.

Anayatsa ali chiimire, phazi limodzi litaloza kukhomo. Sikirini inada, inaphethira, n'kutulukira chithunzi cha mitambo cha Windozi. Funso silinabwere.

"Wayankha ndani?" anafunsa.

"Palibe, bambo. Ndaiuziratu, siidzafunsanso."

"Ndiye kuti mwandiyankhira inu."

"Tingotero."

Anakoka fodya, anayetsemula. Anathokoza mwaulemu ndithu, koma anawonjezera kuti funso silifa, limangophunzira kubisala, ndipo munthu amene wakuyankhira lero akhoza kudzakuyankhira china mawa. Mayi Kalonga anaseka. Iwo sanaseke.

Nyumba sinayake. Parafini uja anthu anaunikira. Koma musaganize kuti nkhani inathera pomwepo. Boti ya injini inabweranso nyanja isanatsegulidwe, inalunjikanso pamakoka ena, pomwe makina anali atasiya kulira. Ena anati ndiye kuti tinawanamizira akuluwa. Ena anati ayi, mayi wa ku Zomba uja anaikonza kompyutayo kuti izitumiza mwakachetechete. Amenewo ndi amene ankanong'ona kuseri kwa chisakasa Loweruka lija. Ine ndili ndi wanga amene ndimamukayikira. Ndinaona kuti ulendo wachiwiriwo khoka latsopano la Maliko analidutsa ngati sakuliona, ndipo sindinamvepo kuti latsopanolo analipeza bwanji. Pamaliro anali patsogolo kunyamula bokosi, nyimbo akuimba mokweza kuposa onse. Umboni ndilibe. Ndimangomuyang'ana kumapazi, kunkhope, ndi kumbuyo kwake.

Ine ndi a Mukhuna za tsiku lija sitinakambepo. Anapitiriza kunditchula Akamwini mokoka muja, anapitiriza kufunsa za mpini wa khasu. Chinasintha n'chimodzi. Miyendo itayamba kuwavuta, ankanditumizira mwana kuti ndiwaperekeze kukaona mtengo wa manambala m'nyanja. Ankakhala kutsogolo kwa bwato, ine kumbuyo ndi nsungwi yokankhira, msana wawo uli kwa ine ulendo wonse, kupita ndi kubwera. Sanatembenuke ngakhale kamodzi kuti aone chimene ndikuchita. Sindikudziwa munthu wina amene anamupatsapo msana chotero.

Chifuwa chinawagwira nyengo yozizira. Tinakangananso, ine ndikuti tiwatengere kuchipatala ku Zomba, iwo akuti ayambe amva kuti dokotala wake ndi mwana wa ndani. Pomwe anavomera kukwera minibasi, nthawi inali itapita.

Dzulo mayi Kalonga anandipatsa kiyi kuti ndikatenge jekete lawo lomwe linatsalira kuofesi. Wotaipa wina sanapezeke, ndiye chitseko chakhala chotseka chigonereni iwo. M'katimo mukununkhabe fodya wa m'mphuno. Pakhomo pali phulusa lomwe ankawaza poweruka kuti m'mawa aone mapazi a wolowa, ndipo mapazi oyamba kupondapo ndi anga. Jekete lili pamsomali, kabotolo m'thumba. Tebulo likuyang'ana kukhomo, mpando msana kukhoma, akangaude ayamba kale kuluka pakati pa mabatire. Kompyuta ili yofunditsidwa ndi chitenje chakale cha apongozi anga.

Ndinakweza chitenjecho pang'ono. Papita chaka ndi miyezi makinawo osafunsa munthu kanthu, koma pa batani la muvi woloza pansi pali mwala wa khoka, wa legeni yofiira, mfundo pamwamba. Kaya anakautola liti m'matope muja. Ndinabweza chitenje. Mwalawo ndausiya pomwepo.